Madamu ndi Chitseko cha Kuseri

Achemwali anga aliyense amawaitana kuti Madamu. Ana asukulu, makolo a anawo, kondakitala wa basi imene amakwera m'mawa, ngakhale amayi athu otibereka, onse amangoti Madamu. Ine ndekha ndi amene ndinakana. Kwa ine ndi achemwali basi, chifukwa ndi iwo amene ankandisambitsa ndili kamwana, ndipo munthu amene anakutsukapo m'makutu sungamuitane ndi dzina la kuntchito.

Aphunzitsa Chingelezi zaka zoposa makumi awiri pasekondale ina ya kumapeto kwa tauni, m'makalasi amene ana amadzaza mpaka ena kukhala pazenera. Ndinapitako tsiku lina kukawapatsa makiyi a kunyumba, ndipo sindinafunse njira, ndinangotsata mawu. Achemwali akamaphunzitsa sakhala pansi. Mpando wa aphunzitsi ndi woikapo chikwama. Iwo amayendayenda pakati pa madesiki, choko chili m'tsitsi, n'kumatola chilichonse chimene chili pafupi, kaya ndi nsapato ya mwana, tsache kapena ambulera, kuti chisanduke phunziro. Akaona nkhope ya mwana amene sakumva, maso awo amawala ngati a munthu amene watola chinthu panjira, ndipo mwanayo samusiya mpaka amve.

Ali ndi lamulo limodzi limene salisekerera: munthu salowa m'kalasi mwawo asanagogode. Wolowa chilowelowe amabwezedwa kuti akayambirenso. Ana amati tsiku lina ahedi anangokankha chitseko ali ndi alendo, ndipo onse anatuluka mondondozana, kukagogoda, n'kudikira kuuzidwa kuti alowe. Achemwali amakana kuti sizinatero, koma amakana akumwetulira. Kunyumba nakonso n'chimodzimodzi. Ine ndinazolowera mpaka ndimagogoda chitseko cha bafa mulibe munthu.

Mwana wawo mmodzi yekhayo atakwatira n'kuchoka pakhomo, achemwali anayamba kuyankhula za kunja. Anamva kuti kuli mayiko amene anthu ake sayankhula Chingelezi koma amafuna kuti ana awo achiphunzire, ndipo amalemba ntchito aphunzitsi ochokera kutali. Amayi atamva anafunsa ngati ana osadziwa Chingelezi atha kuno kwathu.

"Sanathe, amayi," anayankha achemwali. "Koma zaka zonsezi ndakhala ndikuwerengetsa ana nkhani za sitima zoyenda pansi pa nthaka ndi za chipale chogwa ngati ufa. Mwana akafunsa kuti, Madamu, munazionapo zimenezi, ndimasintha nkhani. Ndatopa nako kusintha nkhani."

Vuto loyamba linali zaka. Masukulu amene anawapeza sankalandira munthu woti wakwanitsa zaka makumi asanu, ndipo iwo anali atatsala pang'ono. Akanapanda kupeza malo tsiku lawo lobadwa lisanafike, nkhani yonse inali yothera pomwepo.

Vuto lachiwiri linali kompyuta, chifukwa ntchito zimenezi safunsira ndi pepala. Kusukulu kwawo ilipo imodzi, mu ofesi ya ahedi, yofunditsidwa nsalu ngati wodwala malungo, ndipo kiyi wake ahedi amayenda naye m'thumba. Foni ya achemwali ndi ya mabatani, imene amati siinawakhumudwitsepo. Yanga inali ndi galasi losweka loti kuwerenga uthenga umachita kupendeketsa mutu. Malo amene kale anthu ankapitako kukagwiritsa ntchito intaneti m'dera lathu anasanduka ometera tsitsi. Imene inatsala ndi kompyuta ya kuntchito kwanga.

Ine ndimagulitsa masipeya a galimoto. Shopu yathu ndi chipinda chimodzi chachitali, mashelefu mbali zonse, malamba a injini atapachikidwa kudenga, ndi fungo la oyilo losachoka m'zovala. Kumanzere kwathu kuli owotcherera zitsulo, kuseri kuli galaja, ndipo amakaniko a m'galajamo amalowera khomo la kuseri ngati m'nyumba mwawo. Eni shopu timawatchula kuti a Bweramawa, chifukwa kwa iwo kulibe sipeya yosowa, iliyonse ifika mawa. Ndi munthu wabwino mtima, kungoti safuna kuti zidziwike. Atamva nkhani ya achemwali anakanda kumutu kwa kanthawi.

"Nthawi ya nkhomaliro yokha, shopu tikatseka," anatero. "Koma asakhudze za katundu wanga. Ndipo akakafika kunjako akandifufuzire kumene kumapezeka mabuleki abwino."

Choncho masana alionse achemwali ankathamanga kuchokera kusukulu n'kufika ali wefuwefu, atanyamula chakudya cha anthu awiri m'kontena. Ankatayipa ndi chala chimodzi, chomwe chija amalozera ana, ndipo batani lililonse ankalidina ngati akupha nsikidzi. Asanadine ankaliyang'ana kaye, akadina ankayang'ana pa sikirini kuti atsimikize. Koma masamba ofunsira ntchito aja alibe chisoni. Ukachedwa amadzitseka okha n'kufufuta zonse. Kangapo konse achemwali ankati akufika kumapeto, tsamba lonse n'kungoti mbee.

"Amene anapanga chimenechi sanaphunzitsepo mwana," ankatero. "Munthu akulemba bwinobwino, iwe n'kumulanda pepala?"

Chinanso chimene chinkadya nthawi ndi moni. Kalata iliyonse inkayamba ndi kufunsa ngati mkulu wa sukuluyo wadzuka bwino, ngati kunyumba kuli bwino, ndiponso ngati aphunzitsi anzake akupeza bwino. Nditawauza kuti adule, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iwo sanaleredwe kutchire. Ndinapempha kuti ndiziwatayipira ine. Tinayesa tsiku limodzi lokha. Anaima kumbuyo kwanga akundipumira m'khosi, kundikonza apa ndi apo, mpaka tinatsala pang'ono kuyambana. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yosunga mapasiwedi, amene iwo ankaiwala asanatuluke pakhomo, ndi yowakumbutsa kuti adye. Tinkadyera pakauntala pomwepo, pakati pa mabawuti, iwo dzanja lina m'mbale, lina pakompyuta. Chikulireni tinali tisanachezepo chotero, ndipo ndinkaiyembekezera nthawi imeneyo kuposa m'mene ndinkaonetsera.

Kenako masukulu anayamba kufuna kavidiyo koonetsa munthu akuphunzitsa. Apa ndi pamene tonse tinaika mitu pamodzi, ndipo nzeru zathu zinagwirizana: anthu a kunja amafuna bata ndi ulemu. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anapitako, koma tonse tinali otsimikiza. A Bweramawa anati masipeya asaoneke, angaganize kuti Madamu ndi makaniko, choncho tinakoloweka nsalu yoyera ya pabedi kubisa mashelefu. Amayi anatumiza maluwa apulasitiki a pabalaza pawo. Ine ndinabweretsa jekete langa lakuda ndi mahedifoni a chingwe chachifupi. Tonse tinawalangiza kuti akhale pansi, asagwedezeke, asamaponye manja, komanso achepetse mawu.

Tinajambula n'kuonera. Pa vidiyopo panali mayi wina wouma khosi, woyankhula Chingelezi chosalala bwino ndi mawu a munthu wolengeza uthenga wamaliro pawailesi.

"Apa ndiye kunja kwenikweni," anatero a Bweramawa.

Achemwali anayang'anitsitsa kwa nthawi. "Mayi ameneyu atamandiphunzitsa ine, ndikhoza kugona."

Tinawauza kuti ndi manyazi chabe odziona wekha, ndipo tinatumiza.

Miyezi inadutsa. Masukulu ena sanayankhe, ena anayankha mwaulemu kuti ayi. Tsiku lobadwa lija linkayandikira, ndipo achemwali anasiya kukamba za chipale. Masana ena ankangofika n'kudya, kompyuta osaiyang'ana n'komwe. Zinkandiwawa kuwaona ali phee choncho, munthu woti mawu ake amamveka kunja kwa mpanda wa sukulu.

Ndiye sukulu ina ya ana aang'ono inalemba kuti ikufuna kuyankhula nawo maso ndi maso pakompyuta, ndipo aphunzitse pomwepo. Inali yomaliza pa masukulu onse amene tinawalembera. Mwamwayi nthawi imene anapereka inagwera pa nkhomaliro yathu.

Tsikulo tinakonzeka ngati kukubwera apongozi. Nsalu inakolowekedwa, maluwa anapukutidwa fumbi, jekete linasitidwa. A Bweramawa anakapempha owotcherera kuti apume kaye, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, kenako anakaima panja pa khomo la kutsogolo atapinda manja ngati mlonda. Msewu wonse unangoti zii, moti ndinkamva ntchentche ikuuluka. Khomo la kuseri palibe amene analikumbukira.

Pa sikirini panaoneka mayi wa tsitsi lalifupi, kumbuyo kwake kuli zithunzi zojambula ana. Ine ndinakhala pambali pamene kamera siifika, ndipo chifukwa cha mahedifoni aja ndinkangomva mbali ya achemwali. Mafunso oyamba anayankha bwino, ngakhale mawu anali omwe aja a uthenga wamaliro. Kenako kunabwera pempho lina. Achemwali anadzandiuza pambuyo pake kuti mayiyo anati: tsopano ndiphunzitseni ngati kuti ndine mwana wosadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chingelezi.

Achemwali anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Anayamba chiganizo n'kuchisiyira panjira. Anayang'ana maluwa aja. Thukuta linatsika kuchokera pansi pa mahedifoni, ndipo dzanja lawo, limene tinaliletsa kuyenda, linkafinya m'mphepete mwa kauntala. Ndinazindikira chimene chavuta, koma mochedwa. Munthuyu chiyambireni ntchito sanaphunzitsepo nkhope yoti ikudziwa kale yankho, ndipo kunamizira satha. Mayi uja anaweramitsa mutu ngati akulemba kanthu. Ndinaona kuti ulendo wonse ukuthera pamenepo.

Nthawi yomweyo chitseko cha kuseri chinatsegulidwa ndi phazi. Analowa a Sipanala, mkulu wa amakaniko, bambo wathupi wovala ovolosi yoti mtundu wake unaiwalika kalekale. Anali atanyamula lamba wa injini woduka, akung'ung'udza za mwini galimoto, ndipo anadutsa pansi pa nsalu yathu yoyera n'kuisiyira chidindo cha zala zonse.

"Asisi, tandipatsani wina ngati uyu," anatero kwa ine. "Koma osati wonama uja wa dzana."

Ndinayesa kuwakodola kuti abwerere, koma achemwali anali atatembenuka kale. Ndinaiona nkhope ija, imene ndaidziwa kuyambira ndili kamwana. Munthu walowa m'kalasi osagogoda. Anaimirira, chingwe cha mahedifoni chinazuka, ndipo popeza mutu wawo unali udakali m'Chingelezi, anawalamula m'Chingelezi momwemo kuti atuluke akagogode.

A Sipanala vuto la injini amalimva galimoto ili kutsidya kwa msewu, koma sukulu anaisiya msanga ndipo Chingelezi chimangowadutsa pamwamba. Anangoti kakasi, lamba ali m'manja.

"Akuti chiyani amayiwa?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire. Achemwali anandiloza ndi chala chotayipira chija osandiyang'ana n'komwe, ndipo ndinatseka. Maso awo anali atawala. Anali atapeza nkhope ya munthu amene sakumva.

Anavula jekete langa n'kuliponya pampando. Anadziloza pachifuwa, anayenda kupita kukhomo, anagogoda pathabwa akutchula liwu la kugogodako, anaika dzanja kukhutu ngati akumvetsera, kenako anadziyankha okha ndi mawu ena n'kulowa akumwetulira. Anabwerezanso. Atatero anawaloza a Sipanala, n'kuloza khomo. Bambo aja anandiyang'ana, anayang'ana kudenga, kenako anatuluka. Kunamveka kagogodedwe kamanyazi. Achemwali anaika dzanja kukhutu n'kupukusa mutu kuti sanamve. Kachiwiri chitseko chinachita kunjenjemera.

Apo nzeru zinandibwerera. Ndinachotsa kakamera pamwamba pa kompyuta n'kumawatsata nako mpaka pamene chingwe chinkalekezera. Pa sikirini mayi uja anali atasiya kulemba, nkhope ataiyandikiza.

A Sipanala atalowa anaphunzitsidwa kupereka moni. Kenako achemwali anawalanda lamba woduka uja, anakoka nsalu yathu yoyera n'kuigwetsa, maluwa a amayi n'kugwera limodzi, ndipo anatenga lamba wina pashelefu. Uyu wakale, uyu watsopano. Uyu woduka, uyu wabwino. Anatola bawuti wamkulu ndi wamng'ono, batire lolemera ndi kababu kopepuka, chilichonse akuchitchula n'kumachionetsa ndi nkhope ndi mapewa, a Sipanala akubwereza ndi mawu awo okhuthala. Akalakwitsa, achemwali ankagwira pamtima ngati alasidwa. Akakhoza, ankawagwira chanza, osasamala za oyilo. Chiyankhulo chathu sanatchule ndi liwu limodzi lomwe.

Amakaniko ena awiri anabwera kudzaona chimene chikuchedwetsa mkulu wawo, ndipo anabwezedwa pakhomo ndi a Sipanala eni ake, amene anawaonetsa kagogodedwe. A Bweramawa atamva phokoso analowa ndi nkhope yofuna kuthamangitsa anthu, koma asanayankhule chala chija chinawaloza, ndipo anatuluka kukagogoda pashopu yawo yomwe. Owotcherera nawo, pomva kuti bata latha, anayatsa makina awo. Achemwali anangokweza mawu. Kwa nthawi yoyamba ndinamva mawu enieni a Madamu m'shopu mwathu, ndipo ndinasangalala zedi.

Chimene chinawaimitsa ndi kuseka kochokera m'kompyuta. Popeza mahedifoni anali atazuka, tonse tinamumva mayi uja akuseka mpaka kupukuta misozi. Achemwali anatembenuka, ndipo m'pamene anakumbukira kuti ali pa intavyu. Anayang'ana manja awo akuda bii, nsalu ili pansi, azibambo ali pamzere aliyense atanyamula sipeya yake. Anayamba kupepesa, koma mayiyo anawadula n'kufunsa ngati bambo wa ovolosiyo tinachita kumukonzekeretsa. Achemwali anati ayi. Ndiye mayiyo anatenga makapu awiri patebulo lake, ina yaikulu ina yaing'ono, anakweza imodzi n'kuwafunsa a Sipanala kuti imeneyi ndi yotani.

A Sipanala anayandikira, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyankha m'Chingelezi, molondola. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Koma lamba wanga uja mundipatse, asisi. Mwini galimoto akundidikira."

Yankho silinachedwe. Ndinaliona ine poyamba litafika, koma ndinadikira kuti adzatsegule okha ndi chala chawo chija. Anawerenga mpaka pansi, anabwereranso pamwamba, kenako anakhala pa katoni ya oyilo n'kuphimba kumaso ndi manja onse awiri. A Bweramawa anatuluka panja kukauza msewu wonse kuti kompyuta yawo yatumiza munthu kunja.

Ananyamuka tsiku lobadwa lija litatsala pang'ono. Ku bwalo la ndege amayi analira, ine ndinaseka kuposa aliyense. Kulira kwanga kunadikira mpaka Lolemba masana, pamene ndinatseka shopu n'kupezeka kuti ndatsuka masupuni awiri.

A Sipanala mpaka lero amagogoda, ndipo salowa ndisanawayankhe m'Chingelezi. Achemwali tsopano ali ndi kompyuta yawoyawo imene sukulu inawapatsa, koma amatayipabe ndi chala chimodzi. Chipale anachiona. Akuti n'chokongola tsiku loyamba, lachiwiri ndi matope ozizira basi. Za mabuleki a a Bweramawa amati ayankha mawa. Amaimba nthawi ya nkhomaliro yathu, kwawoko ataweruka kale, ndipo ine ndimaika mbale yanga pafupi ndi kompyuta. Funso lawo loyamba silisintha: wadya?

Tsiku lina ndinaona kuti sakuyankhula zambiri. Ndinafunsa ngati anawo akuwavuta.

"Ana ndi abwino, ndipo onse amagogoda," anatero. "Kungoti kuno kuli zii, mng'ono wanga. M'basi zii, mumsewu zii, m'nyumba muno ndimangomva wotchi." Kenako anafunsa: "Owotcherera aja alipo lero?"

"Alipo. Ndatseka zitseko kuti tizimvana."

"Tatsegula."

Ndinadzuka n'kukatsegula chitseko cha kutsogolo, kenako cha kuseri. Phokoso lonse linalowa: makina a owotcherera, nyundo za m'galaja, a Sipanala akukalipira winawake. Achemwali anatsamira pampando n'kutsinzina, akumwetulira. Tinakhala choncho osayankhulana, ine ndikudya, mpaka nthawi yoyambiranso ntchito inakwana.